Masitazi ndi PhD: maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba

Maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba ndi amene munthu amachita atamaliza kale zaka zake zinayi kapena zisanu za ku yunivesite. Ali m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi la dipuloma kapena satifiketi ya pamwamba, yomwe kawirikawiri imatenga chaka chimodzi ndipo imapatsa munthu luso la ntchito inayake, monga m'mene womaliza digiri ya sayansi amakaphunzirira kaphunzitsidwe kuti akhale mphunzitsi wa ku sekondale. Gawo lachiwiri ndi digiri yachiwiri, imene anthu anazolowera kuitchula kuti masitazi. Lachitatu ndi PhD, yomwe mwini wake amatchedwa dokotala ngakhale ntchito yake isakhale ya kuchipatala.

Chimene chimasiyanitsa maphunzirowa ndi a digiri yoyamba ndi udindo wa wophunzira. Pa digiri yoyamba munthu amalandira zimene ena anapeza kale: mphunzitsi amapereka manotsi, mayeso n'kufunsa zomwe zinaphunzitsidwa m'kalasi. Pa masitazi wophunzira amayamba kufunsidwa kuti mfundo akunenayo waidziwa bwanji, umboni wake uli kuti, ndipo ndani amene amaitsutsa. Akafika pa PhD amayembekezeka kubweretsa chinthu chatsopano, kaya chichepe bwanji, chimene munthu wina sanachilembepo. Ambiri amene amathera panjira sakhala anthu operewera nzeru. Amakhala oti analowa akuganiza kuti akupitiriza sukulu yomwe ija ya manotsi ndi mayeso, ndiye atauzidwa kuti tsopano apeze okha funso n'kuliyankha okha, anasowa pogwira.

PhD ya mtundu womwe ikudziwika lero inakhazikika ku Germany, makamaka itatsegulidwa yunivesite ya Berlin mu 1810, kumene anagwiritsitsa mfundo yoti mphunzitsi wa pa yunivesite azikhalanso wofufuza, ndipo wophunzira wake aziphunzira kufufuzako pochita. Ku America, yunivesite ya Yale inapereka ma PhD oyamba mu 1861, pamene Oxford inayambitsa digiriyi mu 1917. Chichewa chinalowa msanga m'nkhaniyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Mark Hanna Watkins wa pa yunivesite ya Chicago anachita kafukufuku wake wa PhD pa malamulo a chiyankhulochi, ndipo amene ankamupatsa mawu ndi ziganizo anali wophunzira mnzake wochokera ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda. Ntchitoyi inatuluka ngati buku mu 1937. Dziko litalandira ufulu, Amalawi eni ake anatsatira. Kings Phiri anatenga PhD ku Wisconsin mu 1975 atafufuza mbiri ya Achewa kudzera m'zimene akuluakulu a m'midzi anamufotokozera pakamwa. Sam Mchombo, Jack Mapanje ndi Al Mtenje anachita zawo ku London pa za ziyankhulo, ndipo Isabel Apawo Phiri anamaliza yake ku Cape Town mu 1992 pa za moyo wa amayi mu mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma. Onsewa anakaphunzira kutali, koma funso lomwe ananyamula linali la kwawo.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1965, koma kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu inali ya madipuloma ndi madigiri oyamba, moti wofuna kupitirira ankayenera kutuluka m'dziko. Lero mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MZUNI ku Mzuzu, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndi awiri amene anabadwa mu 2021 pamene Yunivesite ya Malawi inagawidwa, KUHeS ya za umoyo ndi MUBAS yomwe kale inali Polytechnic. Onsewa ali ndi masitazi, ndipo m'magawo ena amafika mpaka pa PhD. Mu 2016 World Bank inayamba kuthandiza malo awiri ophunzitsira akatswiri, a za ulimi wa nsomba ku LUANAR ndi a za umoyo wa anthu ndi mankhwala a zitsamba ku College of Medicine, ndi cholinga choti azilandiranso ophunzira a m'mayiko ena a mu Africa. Ku Blantyre, bungwe la Malawi Liverpool Wellcome, lomwe lili pa chipatala cha Queen Elizabeth, lasula achinyamata ambiri pa kafukufuku wa malungo, chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda ena.

Masitazi alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a m'kalasi: wophunzira amatenga maphunziro angapo, kulemba mayeso, kenako n'kuchita kafukufuku wocheperako. Ena ndi a kafukufuku yekhayekha kuyambira tsiku loyamba, ndipo amenewa ndiwo amakonzekeretsa bwino munthu wolinga ku PhD. Ku Britain masitazi a m'kalasi amatha pa miyezi 12, pamene ku Malawi ndi ku America ambiri amatenga zaka ziwiri. Madokotala a kuchipatala ofuna ukatswiri wa matenda a ana, a amayi kapena wa opaleshoni amachita MMed, yomwe imatenga zaka zinayi kapena kuposerapo akugwira ntchito m'mawodi. Ku South Africa kuli digiri ya honours pakati pa digiri yoyamba ndi masitazi, choncho Mmalawi wofunsira malo kumeneko amayamba watumiza mapepala ake ku bungwe la SAQA kuti liwaunike, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti ayambire pa honours. PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi ku Britain ndi ku South Africa, ndipo ku America, komwe amayamba ndi makalasi, imafika zaka zisanu kapena 6.

Kuno kwathu ophunzira ambiri a masitazi ndi anthu apantchito, n'chifukwa chake mayunivesite anakonza makalasi a kumapeto kwa sabata ndi a block release. Wogwira ntchito ku Capital Hill kapena mphunzitsi wa ku Karonga amapempha tchuthi cha masabata awiri, n'kukakhala m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kenako amabwerera kuntchito atasenza ntchito yolemba yoti atumize asanakumanenso. Gawo limeneli, ngakhale ndi lotopetsa, ambiri amalimaliza, chifukwa pamakhala tsiku la mayeso ndi anzawo owakokera patsogolo. Pogwera ambiri ndi pa kafukufuku, pomwe palibenso belu kapena ndandanda, ndipo si zachilendo kupeza munthu amene anakhoza makalasi onse koma watha zaka zinayi buku lake la kafukufuku lisanathe.

Kuti munthu alandiridwe, chofunika choyamba ndi digiri yoyamba yokhoza bwino. Kuno amayang'ana ngati inali ya distinction, credit kapena pass, ndipo wa pass nthawi zambiri amathandizidwa ndi zaka zomwe wagwira ntchito. Mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna digiri yofanana ndi imene iwo amaitcha 2:1. Pamafunikanso chikalata cha malikisi a maphunziro onse a digiri yoyamba, makalata awiri kapena atatu a anthu omuchitira umboni, ndi kalata ya iye mwini yofotokoza chifukwa chake akufuna maphunzirowo. Makalata a umboni amayenera kuchokera kwa munthu amene anaionadi ntchito ya wofunsirayo. Kalata ya mphunzitsi wamba yofotokoza mwatsatanetsatane imaposa ya bwana wamkulu amene sakumudziwa. Sukulu zina zakunja zimafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL ngakhale munthu anaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, ndipo mayesowa amalipiridwa ndalama zambiri. Wofuna PhD amawonjezera proposal, pepala la masamba ochepa lonena chomwe akufuna kufufuza, chifukwa chake, ndi njira yomwe adzatsate.

Ndalama ndiye chipsinjo chachikulu. Ngongole za boma za ophunzira zimayang'ana makamaka a digiri yoyamba, choncho wa masitazi amadalira malipiro ake, abale, abwana ake kapena sikolashipu. Amene amalipira fizi m'ndalama zakunja amavutika kawiri. Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti amene ankayenera kulipira madola 1,000 anaona ngongole yake ikuchoka pa K1.18 miliyoni kufika pa K1.7 miliyoni tsiku limodzi. Pamwamba pa fizi pali ndalama za kafukufuku, zomwe ambiri saziwerengera: mayendedwe, malipiro a othandiza kufunsa mafunso, bandulo ya intaneti, kusindikiza.

Masikolashipu alipo, ngakhale opikisana amachuluka. Chevening, yomwe boma la Britain linayambitsa mu 1983, imalipira masitazi a chaka chimodzi pamodzi ndi ndege ndi ndalama ya chakudya ndi pogona, koma imafuna munthu amene wagwira ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka ziwiri, ndi amene alonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Sikolashipu ya Commonwealth inayamba mu 1959, Fulbright ya ku America mu 1946. Beit Trust imathandiza anthu a m'mayiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pamene DAAD ya ku Germany imalipiranso ophunzira amene akufuna kuphunzira mu Africa momwemuno, ndipo a zaulimi ali ndi RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite womwe likulu lake lili ku Kampala. Osankha amawerenga makalata ambirimbiri onena kuti wolembayo akufuna kutukula dziko lake, ndipo mawu otere saoneka. Kalata imene imaimitsa wowerenga ndi ya mlangizi wa zaulimi amene akufotokoza kuti kwa zaka zitatu waona alimi a m'dera lake akupopera mankhwala ntchemberezandonda koma osatha, wayesa izi ndi izo, ndipo akudziwa chimene akusowa kuti amvetse vutolo. Ambiri amene anapambana anayamba akanidwa kamodzi kapena kawiri.

Mtima wa maphunziro onsewa ndi funso la kafukufuku, ndipo vuto la oyamba kumene ndi kufuna kukumbatira zambiri. "Mavuto a ulimi ku Malawi" ndi mutu woti munthu sangaumalize moyo wake wonse. Koma kufunsa chifukwa chimene alimi a m'sikimu imodzi ya mthirira amasiyira kulipira ndalama ya madzi pakapita zaka zingapo ndi funso loti lingayankhidwe m'miyezi 6, ndipo yankho lake lingathandize masikimu ena. Funso lotere limapezeka munthu akawerenga zomwe ena analemba kale pa nkhaniyo mpaka ataona pamene iwo analekezera. Kuwerengaku kumatenga miyezi, ndipo wophunzira amene amakudumpha amadzazindikira mochedwa kuti zomwe wavutika nazo wina anazipeza zaka khumi zapitazo.

Woyenda naye pa ulendowu ndi supavaiza, mphunzitsi amene amayang'anira kafukufukuyo, kuwerenga chaputala chilichonse ndi kuvomereza kuti ntchito yapsa. Pa PhD, kusankha supavaiza n'kofunika kuposa kusankha dzina la yunivesite. Wanzeru amayamba wawerenga zomwe mphunzitsiyo wasindikiza posachedwa, n'kufunsa ophunzira ake akale mafunso awiri: amatenga nthawi yaitali bwanji kuti abweze chaputala, ndipo ndi angati amene anamaliza m'manja mwake. M'madipatimenti ambiri a kuno aphunzitsi a PhD ndi ochepa, moti mmodzi amayang'anira ophunzira ambiri kwinaku akuphunzitsa makalasi odzaza a digiri yoyamba. Apa ulemu womwe ana amaleredwa nawo umatha kupweteka wophunzira. Amatumiza chaputala, miyezi itatu n'kudutsa osamva kanthu, koma amaopa kukumbutsa poopa kuoneka wamwano, pamene mphunzitsiyo akuganiza kuti mwana wangokhala chete chifukwa sakufulumira. Mankhwala ake ndi kugwirizana poyambirira masiku okumana, ndi kulemba imelo yaifupi akatha kukumana yonena zomwe agwirizana ndi tsiku lomwe ntchito ibwerere. Aphunzitsi ambiri amakondwera ndi wophunzira wotere, chifukwa amawapeputsira ntchito.

Kafukufuku wokhudza anthu sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona kuti ofunsidwawo asapwetekedwe kapena kunamizidwa. Pa za umoyo pali makomiti a COMREC ndi NHSRC, ndipo bungwe la National Commission for Science and Technology limayang'anira makomiti otere m'dziko muno. Chilolezochi chimatha kutenga miyezi, ndiye n'chofunika kuchiwerengera pa ndondomeko. Chikapezeka, wofufuza amadzera ku ofesi ya DC, kenako kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu mpaka kwa nyakwawa, ndipo aliyense amafuna kumva kuti mlendoyu wabwera ndi chiyani. Asanafunse funso lililonse amawerengera munthu chikalata cha chilolezo m'chiyankhulo chake, Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, kumuuza kuti ali ndi ufulu wokana ndipo dzina lake silidzatchulidwa, ndiye munthuyo amasaina kapena kudinda chala. Wopita kumudzi mu Disembala kapena Januwale amapeza makomo otseka, anthu ali kumunda, misewu ina itaduka. Maliro akagwa m'mudzimo, ntchito imaima mpaka anthu atabwera kumanda. Wofufuza amakumananso ndi funso lovuta kuliyankha moona: anthu amafuna kudziwa ngati mayina akulembedwawo ndi a chithandizo, ndipo wofufuza wachilungamo amanena poyera kuti ayi. Akabwerera, ola limodzi la zojambula pa foni limamudyera maola anayi kapena kuposerapo kuti alilembe papepala, asanayambe n'komwe kulimasulira.

Buku la masitazi ku Britain limakhala la mawu pakati pa 10,000 ndi 20,000, pamene la PhD limafika 80,000, kwina mpaka 100,000. Ntchito yotere imatheka polemba pang'onopang'ono tsiku lililonse. Wodikira tchuthi kuti adzalembe zonse pakamodzi kawirikawiri salemba. Zowerenga sizisowanso ngati kale. Malaibulale a m'mayunivesite, kudzera mu mgwirizano wawo wa MALICO ndi dongosolo la Research4Life, amatsegulira ophunzira magazini a akatswiri a pa intaneti, ndipo ofufuza mbiri ali ndi nkhokwe ya National Archives ku Zomba. Pulogalamu yaulere ya Zotero imasunga mndandanda wa mabuku onse amene munthu wawerenga. Laputopu imabedwa kapena kufa, choncho ntchito imafunika kusungidwa malo awiri kapena atatu.

Tchimo lalikulu pa maphunzirowa ndi kuba ntchito ya wina, kaya pokopera osatchula mwini wake, kaya polipira munthu kuti alembe, kaya popereka zomwe kompyuta yalemba ngati zakezake. Mayunivesite amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Turnitin pofufuza zokopera, ndipo digiri imatha kulandidwa ngakhale patapita zaka. Mu 2011 nduna ya chitetezo ya ku Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, inatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itailanda udokotala pa chifukwa chomwechi. Palinso magazini achinyengo amene amatumiza maimelo okopa, n'kusindikiza chilichonse munthu akalipira, popanda akatswiri ochiunika. Zosindikizidwa m'menemo zimadetsa dzina la wolemba.

Buku likatha limapita kwa oyesa, mmodzi wa pa yunivesite pomwepo ndi wina wakunja, kenako pamabwera mayeso apakamwa otchedwa viva. Ku Britain amachitikira m'chipinda chotseka kwa maola awiri kapena atatu, pamene ku Netherlands ndi ku Sweden amachitikira pagulu, abale ali pompo. Oyesa amatsegula tsamba lomwe aika chizindikiro n'kufunsa chifukwa chimene wolemba anasankhira midzi imeneyi osati ina, kapena chimene chingasinthe ngati nambala iyi ili yolakwika. Cholinga chawo n'kutsimikiza kuti ntchitoyo ndi yake ndipo akudziwa malire ake. Woyankha kuti "pamenepa kafukufuku wanga sanafikepo" amalemekezedwa kuposa wophimba. Ambiri amakhoza koma amapatsidwa zokonza, zazing'ono za masabata ochepa kapena zazikulu za miyezi ingapo.

Zonsezi zimachitika munthu ali ndi banja, ndipo mtolo wake sugwera onse mofanana. Zaka zomwe anthu amachita masitazi ndi PhD ndi zomwezo zimene amayi ambiri amakhala akubereka ndi kulera, ndipo mayi amene mwamuna wake kapena abale sagawana naye ntchito za pakhomo amalemba usiku ana atagona. Opita kunja amasiya mabanja: kuyambira Januwale 2024, wophunzira masitazi a m'kalasi ku Britain saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pokhapokha ngati akulipiriridwa ndi boma, ngakhale a PhD amaloledwabe. Kumudzi anthu amaona ngati amene ali kunja akudya bwino, ndiye kandalama ka sikolashipu kamene kanawerengedwa kuti kakwane munthu mmodzi kamagawidwa pa fizi ya abale ndi feteleza. Kusungulumwa ndi nkhawa zimagwira ophunzira ambiri a PhD, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi alangizi oti munthu akhoza kukawaona popanda manyazi.

Munthu asanalipire tambala iliyonse ayenera kutsimikiza kuti sukuluyo ndi yovomerezeka. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, limatulutsa mayina a sukulu ndi maphunziro amene lawavomereza, ndipo sukulu kukhala yolembetsedwa sizitanthauza kuti maphunziro ake onse ndi ovomerezeka. Sukulu yolonjeza PhD ya miyezi 6 popanda kafukufuku ikugulitsa pepala chabe. Udokotala waulemu, womwe yunivesite imapatsa munthu pothokoza ntchito zake, ndi mphatso yabwino koma ndi wosiyana ndi PhD, ndipo supatsa munthu chilolezo chophunzitsa kapena kuyang'anira kafukufuku.

Digiri ikapezeka, phindu lake limasiyana malinga ndi ntchito. M'boma ndi m'mabungwe, masitazi amatsegula makomo a maudindo ena, koma kwa wachinyamata amene sanagwirepo ntchito sapereka chitsimikizo cha ntchito, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsabe zomwe munthu anachitapo. Amene anapita pa tchuthi cha maphunziro akulandira malipiro amakhala atasainira kuti adzagwira zaka zingapo asanachoke. PhD kwenikweni ndi maphunziro a ntchito ya kafukufuku, choncho malo ake ambiri ali m'mayunivesite, m'malo ofufuzira monga Chitedze ndi Bvumbwe, ndi m'mabungwe a za umoyo. Buku lomwe latha siliyenera kungogona pa shelefu: zigawo zake zimasindikizidwa m'magazini monga Malawi Medical Journal ndi Journal of Humanities, mabuku ambiri a Kachere ndi Mzuni Press anayamba ngati kafukufuku wa ophunzira, ndipo anthu a m'midzi amene anayankha mafunso aja amayenera kuuzidwa zotsatira m'chiyankhulo chawo. Amene atsala pa yunivesite, pakangopita zaka zochepa amapatsidwa ophunzira awoawo oti awayang'anire, ndipo kukwera kwawo mpaka kufika pa upulofesa kumayezedwa ndi zimene asindikiza komanso ophunzira amene awafikitsa kumapeto.